Mutsitseni mwanayo pansi

Ndiyambe n'kudziulula, kuti wina asanene kuti ndikungoloza anzanga chala: walker imene ndikuinyoza munkhani ino ndinagula ndine. Ndinaigula m'tauni muno mwa Chipata, yabuluu, yokhala ndi tinyimbo ndi timagetsi tothwanima kutsogolo. Mwana wa mlongo wanga anali ndi miyezi 7, ndipo ine monga malume wokhala m'tauni ndinafuna kuti kwathu ku Tamanda aone kuti kuno sindikungotha nsapato. Ndinaimangirira pamwamba pa matumba a feteleza m'galimoto, n'kufika nayo kumudzi ngati ndabweretsa chigayo.

Ambuya anaizungulira kawiri, n'kuigwedeza ndi phazi. "Nanga ichi n'cha nchito yanji?"

"N'chophunzitsira mwana kuyenda, ambuya."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Iwe unaphunzitsidwa ndi chiti?"

Anthu anaseka, inenso ndinaseka nawo, koma mumtima ndinati awa ndi akale, za masiku ano sazidziwa. Patangopita masabata atatu foni inalira. Mlongo wanga anali atamuika mwana mu walker pakhonde la simenti, iye n'kumaphika phala pambaula chapafupi pomwepo. Anangocheuka kuti atenge mchere. Mwana amene dzulo lake sakanatha kufika pambaulapo n'komwe anatereka n'kugwira chigwiriro cha poto. Mwamwayi phala linamuthira pamkono chabe. Bala linapola, koma chipsera chilipo, ndipo nthawi iliyonse ndikamunyamula ndimachiona.

Anthu ambiri akamva nkhaniyi amathamangira kunena kuti mai ake sanasamale. Ayi. Anali masitepe awiri kuchokera pamene panali mwana. Madokotala a ana ku America anayeza kale kuti khanda lili mu walker limatha kuyenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi imodzi. Ndi munthu uti amene angatembenuke mwachangu kuposa pamenepo? Ku United States kokha, pakati pa 1990 ndi 2014, ana oposa 230,000 osakwana miyezi 15 anathamangira nawo kuchipatala atavulala ndi ma walker, ambiri chifukwa chogubuduka pamasitepe a m'nyumba. Dziko la Canada linaletseratu mu 2004: kugulitsa, kuitanitsa kunja, kutsatsa, ngakhale kugulitsa yogwiritsidwa kale nchito. Ife tilibe nyumba zam'mwamba zambiri, n'zoona. Koma tili ndi makonde, tili ndi mbaula zimene zimayaka pansi tsiku lililonse magetsi akazima, tili ndi ndowa zamadzi zosavindikira, tili ndi ketulo ya tiyi pa katebulo kakafupi. Chinthu chimene anzathu anachithamangitsa m'dziko mwawo, ife tikuchikulunga m'pepala lamaluwa n'kukapereka pa baby shower.

Komatu ngozi si chifukwa chachikulu chimene ndalembera. Chimene chimandiwawa n'choti chinthuchi sichichita n'komwe nchito imene timachigulira.

Taonani mmene thupi la mwana limalimbira. Limayambira kumutu n'kumatsikira kumapazi. Poyamba khosi, kuti mutu usamagwe, kenako msana ndi mimba, kuti akhale yekha, kenako chiuno, miyendo ndiyo yomaliza. Ndipo kuyenda si mphamvu ya miyendo chabe. N'kudziwa mmene ungadzikhazikire pa phazi limodzi pamene linalo lili m'malere, ndipo zimenezi mwana amaziphunzira mwa kugwa. Karen Adolph ndi anzake pa New York University anajambula ana a miyezi 12 mpaka 19 akusewera momasuka, n'kuwerenga mapazi awo. Anapeza kuti pa ola limodzi mwana amaponda masitepe 2,368 ndipo amagwa ka 17. Kugwa ka 17 pa ola! Imeneyo ndiye sukulu yake. Lomba inu mwamupachika pa kampando kansalu, matako akulendewera, akungokankha pansi ndi zala zakumapazi, mapazi ake sakuwaona chifukwa cha thebulo la pulasitiki limene lili kutsogolo, ndipo sangagwe ngakhale atafuna. Akuphunzira chiyani? Akuphunzira kupalasa. Kafukufuku wina wa ku Ireland wa mu 2002, wa ana 190, anapeza kuti ana oikidwa mu walker anachedwako kukwawa, kuima okha ndi kuyenda. Ofufuza ena sanapeze kusiyana kwenikweni. Ndiye kuti zikayenda bwino, mwangotaya ndalama. Zikavuta, mwamuchedwetsa mwana amene mumafuna kumufulumizitsa.

Nanga n'chifukwa chiyani timagula? Ena amagula kuti apezeko mpata wochapa ndi kuphika, ndipo amenewo ndikuwamvetsa, ndiwabwerera. Koma ambiri a ife, tinene zoona, timagula chifukwa tasandutsa kuyenda kwa mwana kukhala mpikisano. Tsegulani WhatsApp muone ma status. "Miyezi 9 wayamba kale kuyenda, uyu ndi jiniyasi." Pansi pake timitima. Mnzake amene mwana wake ali ndi chaka ndi miyezi iwiri koma akungokwawa amaona zimenezo usiku akuyamwitsa, tulo n'kumuthera. M'mawa mwake apongozi aimba foni: "Kodi uyo sanayambebe? Wa anzanu uja akuthamanga kale." Pofika Loweruka, mai uja ali pashopu kufunsa mtengo wa walker, ndalama imene ikanagula mazira a mwezi wathunthu.

Mpikisanowu ulibe mphotho. Ofufuza a ku Zurich, m'dziko la Switzerland, anatsatira ana 222 obadwa bwinobwino kuyambira ali makanda mpaka atakula. Zimene anafalitsa mu 2013 n'zoti mwana amene anayamba kuyenda msanga sanakhale wanzeru kwambiri kapena waluso kwambiri pa masewera kuposa amene anachedwako. Makolo athu izi ankazidziwa mwa njira yawo. Robert Serpell wa pa University of Zambia atakhala zaka zambiri akufunsa Achewa a m'boma la Katete kuti mwana wanzeru ndi wotani, mayankho awo anali a kuchenjera ndi kutumikira, mwana woti ukamutuma amamva ndipo ungamukhulupirire. Nzeru zimenezo sizituluka m'mapazi a khanda la miyezi 9.

Manambala amene mai aliyense ayenera kuwadziwa ndi awa, ndipo ndikudabwa kuti sitiwauzana mmene timauzirana mitengo ya matewera. Bungwe la WHO linatsatira ana 816 athanzi m'maiko 5, Ghana, India, Norway, Oman ndi United States, ndipo mu 2006 linafalitsa zimene linapeza. Kukhala yekha popanda chomuchirikiza, mwana wabwinobwino amayamba nthawi iliyonse kuchokera pa miyezi pafupifupi 4 mpaka 9. Kukwawa, kuchokera pa miyezi 5 mpaka 13 ndi theka. Kuima yekha, kuchokera pa miyezi 7 mpaka pafupifupi 17. Kuyenda yekha, kuchokera pa miyezi 8 mpaka kutsala pang'ono kukwana 18. Tawerengani bwino chomalizachi. Pakati pa woyambirira ndi womalizira pali miyezi yoposa 9, ndipo onsewo ndi ana abwinobwino. Ana pafupifupi 4 pa 100 aliwonse sanakwaweko ndi manja ndi maondo. Ena amangokhwekhwereza matako, tsiku lina n'kungoimirira. Mwana wobadwa masiku asanakwane mumamuwerengera kuchokera pa tsiku limene akanabadwa, osati limene anabadwa. Choncho mwana wanu wa miyezi 14 amene akuyenda chogwirira mipando sakuchedwa. Amene akuchedwa kumvetsa ndi azakhali ake.

Pano ndiyenera kuwapatsa ambuya ulemu wawo. Ku Tamanda mwana amakulira pamphasa. Amamusambitsa, n'kumudzoza mafuta uku akumuwongola timiyendo ndi timanja. Akafika pofuna kukhala, amamukhazika m'beseni kapena m'katoni, n'kumutchinjiriza ndi zitenje. Amamuimiritsa pamiyendo n'kumamudumphitsa. Tsiku lonse akudutsa m'manja mwa anthu: mai, mlezi, asuweni, ana anzake amene amamukokera uku ndi uku. Kumbuyonso, pomubereka, sangogona. Mai akamawerama, akamasinja, akamayenda, kakhosi ndi kamsana ka mwana kamagwira nchito. Wofufuza wina, Charles Super, anakhala pakati pa anthu a mtundu wa Kipsigis ku Kenya, ndipo mu 1976 analemba kuti makanda a kumeneko ankakhala ndi kuyenda pafupifupi mwezi umodzi msanga poyerekeza ndi a ku America. Sanali magazi. Amai a kumeneko ankawaphunzitsa dala, mpaka kukumba kadzenje pansi n'kumukhazikamo mwana. Pa kukwawa, kumene sankaphunzitsa, anawo sanatsogole. Zimene ambuya amachita ndi beseni, azungu anabwera ndi ndege kudzazilemba m'mabuku. Ife tinazisiya n'kukagula pulasitiki.

Sindikuti mwana azikhala kumbuyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Malangizo a WHO a mu 2019 amati khanda lisakhale lomangika kupitirira ola limodzi nthawi imodzi, kaya m'kangolo, pampando, ngakhale kumbuyo kwa mai, ndipo lizigonekedwa chafufumimba lili maso kwa mphindi zosachepera 30 pa tsiku, pang'onopang'ono. (Pogona tulo ayi, pamenepo agone chagada.) Mai wogulitsa tomato pa msika wa Kapata akawerenga zimenezi akhoza kuseka, chifukwa amene analemba sanagulitsepo tomato ali ndi khanda. Koma mfundo yake ndi yoona: mwana amafunika nthawi yokhala pansi, momasuka. Ndipo kwa amai amene amagula walker kuti apeze mpata, yankho ndi lomwelo la kale: mphasa kapena thumba loyera pansi, kutali ndi moto, chikho ndi supuni zoti aziseweretsa, katoni yaikulu ngati mukufuna kuti asachoke. Akayamba kuima, mpando kapena chigubu choti azikankha chikukwana. Ndiponso atate a mwana ali kuti? Amuna anzanga, mwana wa miyezi 7 safuna luso lililonse kuti ukhale naye pamphasa kwa theka la ola. Amangofuna kuti uike foni pansi.

Lomba musaganize kuti ndikuimbira kumudzi nthungululu. Kumudzi kuli tchimo lake, ndipo ndi lalikulu kuposa la walker.

Ulendo womwe uja, kuseri kwa nyumba ina m'mudzi woyandikana nafe, ndinaona mwana wa zaka ziwiri atagonekedwa pachiguduli. Sakhala yekha. Mutu umagwera kumbuyo, manja ndi ofumbata, ukamunyamula timiyendo timauma n'kupingasa ngati sizasi. Mai ake ndi mtsikana wamng'ono kwa ine. Nditafunsa ngati anapita naye kuchipatala, anayang'ana pansi. Wina anandinong'oneza pambuyo pake kuti nkhaniyi inaweruzidwa kale: akuti ndi tsempho. Akuti makolo anasemphana ndi mwambo mwana asanatengedwe kumphasa, kapena bambo anayenda njira zina, kapena mai anathira mchere m'ndiwo pa nthawi yosayenera. Ena akuti anamutumbiza. Mwanayo anamangidwa mphinjiri m'khosi ndi m'chiuno, anatemeredwa mphini m'maondo, mbuzi inapita kwa sing'anga. Kusikelo anasiya kupita naye chifukwa amai anzake pamzere amamuyang'ana.

Ine si dokotala ndipo sindingatchule matenda a mwana amene sindinamuyeze. Koma zizindikiro zoterozo n'zimene madokotala amaziona pa cerebral palsy, vuto limene limabwera ubongo wa mwana ukavulala: kubanika pobadwa mai akakhalitsa pa matenda, chikasu champhamvu m'masiku oyambirira, malungo ofika kumutu, meninjaitisi, kubadwa masiku asanakwane. Palibe chimodzi mwa zimenezi chimene chimabwera ndi mchere wa m'ndiwo. Ndipo taonani mmene mlandu umagwera. Mai anavutika pobereka, mwina anafika kuchipatala mochedwa chifukwa cha mtunda ndi mayendedwe, mwana anachedwa kulira, ndiye pamapeto pake mai yemweyo ndiye akhale wolakwa? Mwambo umene umatenga mai wovulala kale n'kumuveka manyazi mpaka kubisa mwana kuseri kwa nyumba, umenewo sindiuteteza, ngakhale ukhale wa makolo anga. Akulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwambiwu timaukumbukira mwana akakhoza mayeso. Akalephera kukhala, amasanduka wa mai ake yekha.

Wina anena kuti miyambo imeneyi inali ndi cholinga, inkathandiza kuti ana asabadwe motsatana kwambiri. N'zoona, ndipo mwana wosiyitsidwa bere msanga n'kumangodya phala lamadzi amafookadi, amachedwadi kuyenda. Makolo anaona chinthu chenicheni. Koma chimene chimamufooketsa ndi njala, osati mphepo ya tsempho. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 mu Zambia ndi opinimbira. Izi zikuchitika ngakhale kuno kum'mawa, kumene timalima nshawa zotchuka dziko lonse, n'kuzigulitsa zonse kwa mavenda, mwana n'kumamwa phala lopanda nsinjiro. Mwana wochepa magazi, wodwaladwala malungo ndi kutsegula m'mimba, alibe mphamvu yogwa ka 17 pa ola n'kudzukanso. Mankhwala ake ndi bere, nsinjiro, dzira, kapenta wosinja, masamba, neti, katemera. Kulera nakonso kuli kuchipatala, popanda kuopsezana ndi mdulo.

Apa ndiye pamene machimo awiriwa amakumana. Wa m'tauni amati mwana woyenda msanga ndi ulemu wa mai ake. Wa kumudzi amati mwana wochedwa ndi mlandu wa mai ake. Ndi bodza limodzi lovala zovala ziwiri, ndipo zotsatira zake n'zoti timakankha ana amene alibe vuto, n'kubisa amene ali nalo. Tikutaya tulo chifukwa cha mwana wa miyezi 13 amene akukwawa ngati buluzi nyumba yonse, pamene wa zaka ziwiri wosakhala tikumudutsa n'kumati zimenezo n'za pabanja pawo.

Zoyenera kudetsa nkhawa si zambiri, ndipo n'zosavuta kuziona. Mwana wa miyezi 4 amene mutu wake ukugwabe ngati wa khanda la dzulo. Wa miyezi 9 amene sakhala yekha. Wa miyezi 18 amene sanayambe kuyenda. Wolobodoka ngati nsanza, kapena wouma gwa. Amene asanakwanitse chaka akugwiritsa nchito dzanja limodzi chabe, linalo lili chifumbatire. Ameneyo musamati ndi wamanzere, mupite naye akamuone. Ndipo koposa zonse, mwana amene wasiya zimene ankachita kale: ankakhala lero sakhala, ankayenda lero mwendo walefuka mwadzidzidzi. Ameneyo si wodikira tsiku la sikelo, ndi wa lero lomwe. Tisaiwale kuti mu February 2022 poliyo inapezeka mwa mwana ku Lilongwe, ndipo kwa ife a ku Tamanda, Malawi ndi kutsidya chabe. Mwana wobadwa ndi mapazi opindika nayenso asadikire kuti akule. Amawawongola ndi pulasitala m'masabata oyambirira, mafupa akadali anthete, ndipo ambiri amadzayenda bwinobwino.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe: kupita kuchipatala n'kosavuta kulemba pa foni uli m'tauni. Kuchokera ku Tamanda kufika ku Chipata Central Hospital ndi ndalama, ndi tsiku lathunthu losalima, ndipo physiotherapy si jakisoni wobaya kamodzi, umabwererako mwezi ndi mwezi. Cerebral palsy sichira ngati malungo. Zonsezo n'zoona. Koma ubongo wa mwana wamng'ono umaphunzira njira zatsopano mosavuta kuposa wa wamkulu, ndipo zambiri zimene a physiotherapy amachita amaphunzitsa mai kuti azikachita kunyumba: kamukhazikidwe, kamudyetsedwe kuti asatsamwe, kawongoledwe ka miyendo kuti isaumiretu. Kusiyana kwa mwana woyamba thandizo ali ndi chaka chimodzi ndi woyamba ali ndi zaka 6 n'kumene kumanena ngati adzakhala pampando n'kudya yekha kapena adzakulira pachiguduli. Dziko lino lili ndi lamulo la anthu olumala la mu 2012. Lamulo lili papepala ku Lusaka silinyamula mwana kuchoka kuseri kwa nyumba. Amanyamula ndi achibale, ndipo pa Chichewa mwini mbumba ndi malume. Ife amalume a m'tauni timapeza ndalama ya walker, ya keke ya mwezi uliwonse, ya wojambula zithunzi. Ya thiransipoti ya mwana wa msuweni wathu ndiye imasowa.

Ndinabwereranso ku Tamanda pa Khirisimasi. Mwana wa mlongo wanga anayamba kuyenda ali ndi miyezi 14, pabwalo, wopanda nsapato, akuthamangitsa anapiye. Palibe anajambula, foni inali kotchaja. Mai wa mwana uja wa kuseri kwa nyumba ndinalankhula naye kudzera mwa ambuya, chifukwa ine ndekha sakanandimvera, ndipo ambuya sanamuuze za WHO. Anangoti, "Mwana wanga, mbuzi inapita, mphini munatema, nanga mwaona chiyani? Tayesani uku." Apongozi ake sanakondwe nazo. Wapitako kawiri tsopano, ulendo wachitatu unalephereka chifukwa cha mvula ndi kupalira. Anamuonetsa mmene angamukhazikire mwana pakona ya nyumba atamutchinjiriza ndi mabulangete, zimene sizikusiyana kwenikweni ndi beseni la ambuya. Mwanayo sanayambe kukhala yekha.

Walker ija ikadalipo. Ambuya anachotsa mabatire n'kuika mu wailesi, ndipo pakampando kansalu paja nkhuku yaikirapo mazira.